Mmene mungakonzere makhalidwe ovuta a galu wanu popanda ndodo

Mwini galu akabwerera kunyumba madzulo n'kupeza nsapato yake itatafunidwa mpaka kuchidendene, galu atadzipanikiza pakona makutu atawagoneka, kawirikawiri amanena kuti, "Akudziwa chimene wachita." Amatola nsapatoyo, kumuonetsa, kumukalipira, mwinanso kumumenya nayo. Pakapita masiku awiri nsapato ina imatafunidwanso. M'chaka cha 2009, Alexandra Horowitz wa ku Barnard College mumzinda wa New York anafufuza za nkhope yogonja imene galu amaonetsa pa nthawi ngati imeneyi. Eni agalu ankaletsa agalu awo kudya kachakudya kenakake n'kutuluka m'chipinda, ndipo pobwerera ena ankauzidwa zosiyana ndi zimene galu wachitadi. Zinapezeka kuti agalu ankaonetsa nkhope yogonjayo makamaka akamakalipiridwa, kaya anadya kaya sanadye.

Nkhope imeneyi ndi ya galu amene akupempha mtendere chifukwa waona kuti mbuye wake wapsa mtima. Kutafuna kuja kunachitika maola angapo m'mbuyomo, ndipo galu sangathe kugwirizanitsa chilango cha madzulo ndi nsapato ya m'mawa. Chimene amaphunzira n'chakuti kufika kwanu n'koopsa. Malangizo onse otsatirawa atsamira pa mfundo imodzi: galu amabwereza chilichonse chimene chamupindulira pa nthawi yomweyo, ndipo amasiya pang'onopang'ono chimene sichikumupindulira. Ntchito yanu ndi kupeza phindu limene akulipeza pa khalidwe lokusautsanilo, kulitseka, ndi kumutsegulira njira ina yopezera chimene akufuna.

Yambani ndi thupi lake

Musanaphunzitse chilichonse, tsimikizani kuti galuyo sakudwala, makamaka ngati khalidwe lake lasintha mwadzidzidzi. Galu wofatsa amene wayamba kulusa mukamugwira kumutu angakhale ndi khutu lotupa mkati kapena dzino lowawa. Amene anazolowera kukodza panja koma tsopano akukodza m'nyumba pafupipafupi angakhale ndi matenda a m'chikhodzodzo. Utitiri, nkhupakupa ndi njoka za m'mimba zimamusowetsa mtendere, ndipo galu wokalamba amene mafupa akumuwawa amakwiya msanga ana akamamukwera pamsana. Zonsezi zimafuna dokotala wa ziweto, ndipo palibe phunziro limene lingazithetse.

Pali kusintha kumodzi kumene simuyenera kukuchedwetsa ngakhale pang'ono. Galu amene alibe katemera akayamba kuluma chilichonse popanda chifukwa, kutuluka dovu, kulephera kumeza, kapena kufooka miyendo, ganizirani za chiwewe. Mutsekereni popanda kumugwira ndipo itanani a zaziweto. Munthu amene walumidwa atsuke balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chiwewe chikangoonetsa zizindikiro mwa munthu, kupulumuka kumakhala kosatheka pafupifupi nthawi zonse.

Muyang'anitsitseni kwa sabata imodzi

Tengani kope ndipo nthawi iliyonse vutolo likachitika lembani zinthu zitatu: chimene chinachitika vutolo lisanayambe, chimene galu anachita, ndi chimene chinatsatira. Gawo limeneli anthu ambiri amalidumpha chifukwa limaoneka ngati kutaya nthawi, koma ine ndimaliona kuti ndilo lofunika kuposa onse. Pakutha pa sabata mudzaona kuti galu amene mumati "amangouwa nthawi zonse" amauwa makamaka munthu akamadutsa pafupi ndi mpanda, ndipo chotsatira chake n'chakuti munthuyo amapitirira ulendo wake. Kwa galu, kuuwa kwake ndiko kwathamangitsa mlendoyo, ndipo ntchito imene yayenda bwino amaibwereza.

Pa sabata yomweyi phunzirani kuwerenga thupi lake. Galu amene wasowa mtendere amanyambita milomo popanda chakudya, amayasamula asali ndi tulo, amatembenuzira mutu kumbali uku choyera cha m'maso chikuoneka, amabisa mchira pakati pa miyendo, kapena amangouma thupi lonse. Kugwedeza mchira sikutanthauza chimwemwe nthawi zonse. Mchira wogwedezeka momasuka pamodzi ndi chiuno ndi wa galu wokondwa, koma mchira woimika m'mwamba, wouma, wogwedezeka kunsonga kokha, ndi wa galu amene mtima uli m'mwamba ndipo akhoza kuluma.

Mupatseni zimene thupi lake likufuna

Mavuto ambiri a kukumba maenje, kutafuna katundu ndi kuuwa usiku wonse amachokera ku mphamvu imene ilibe kotulukira. Galu amafunika kuyenda tsiku lililonse, ndipo poyendapo muzimulola kununkhiza, chifukwa iye dziko amalidziwa ndi mphuno ndipo kununkhiza kumamutopetsa mutu mofanana ndi mmene kuthamanga kumatopetsera miyendo. Amafunikanso chinthu chake chololedwa kutafuna, madzi, mthunzi ndi malo ogona opanda chosokoneza. Galu wamkulu amagona maola 12 mpaka 14 pa tsiku, ndipo kagalu kamagona kuposa pamenepo. Kagalu kosagona mokwanira kamaluma kwambiri ngati mwana wolira ndi tulo. Galu womangidwa pa unyolo usana ndi usiku alibe kothawira akachita mantha, choncho amaphunzira kuti chomutetezera ndi mano okha.

Pangani mawu olonjeza mphotho

Ivan Pavlov, wasayansi wa ku Russia amene analandira mphoto ya Nobel mu 1904, anaonetsa kuti galu amagwirizanitsa chizindikiro ndi chakudya ngati ziwirizi zikutsatizana mobwerezabwereza. Nzeru imeneyi ndi imene mugwiritse ntchito. Sankhani liwu limodzi lalifupi, monga "Eya!", ndipo dulani tizidutswa ta chakudya chimene galuyo amachikonda kwambiri, tating'ono ngati nsonga ya chala chaching'ono. Nenani "Eya!" kenako mupatseni kachidutswa kamodzi. Bwerezani maulendo 15 kapena 20, kawiri pa tsiku, kwa masiku awiri kapena atatu. Mukadzaona kuti akamva liwulo akutembenuka msanga kukuyang'anani, dziwani kuti lagwira.

Ubwino wa liwuli ndi wakuti limaloza nthawi yeniyeni imene galu wachita bwino. Mphotho ikachedwa kupitirira sekondi imodzi kapena awiri, galu amakhala wachita kale chinthu china, ndipo chinthu chinacho n'chimene amaganiza kuti mwamulipira.

Phunziro loyamba likhale kukhala pansi. Gwirani kachidutswa pafupi ndi mphuno yake, kakwezeni pang'onopang'ono kupita chakumbuyo pamwamba pa mutu wake. Mphuno ikamatsatira dzanja, thako limatsika lokha. Likangogunda pansi nenani "Eya!" n'kumupatsa. Musamukanikize msana ndi dzanja. Akachita zimenezi kangapo mosavuta, yambani kunena "Khala" kamodzi kokha musanakweze dzanja, ndipo posachedwa chotsani chakudya m'dzanjamo kuti chizichokera m'thumba akatha kukhala. Phunziro lililonse lisapitirire mphindi zisanu. Akadziwa m'nyumba, bwerezani pakhonde, pabwalo ndi pamsewu, chifukwa galu amene wadziwa "Khala" pamalo amodzi sadziwa kuti liwulo limagwiranso ntchito kwina. Khalidwelo likakhazikika, chakudya chizibwera mwa apo ndi apo, ndipo mphotho ina ikhale kumutsegulira chitseko, kumuponyera mpira kapena kumusisita.

Mwina munamvapo kuti galu wosamvera akufuna kukhala mfumu pakhomo, ndipo muyenera kumugwetsa chagada kuti adziwe wamkulu. Maganizo amenewa anachokera pa kafukufuku wa Rudolph Schenkel, amene mu 1947 analemba za mimbulu yosungidwa mumpanda ku Basel m'dziko la Switzerland, mimbulu yosadziwana imene inkamenyana chifukwa chopanikizidwa pamodzi. David Mech, amene anathandiza kufalitsa maganizowo mu 1970, anadzalemba mu 1999, atayang'anitsitsa mimbulu ya kutchire pa chilumba cha Ellesmere ku Canada, kuti gulu la mimbulu ndi banja chabe la makolo ndi ana awo. Galu amene akukoka chingwe sakulimbirana nanu ufumu. Akungofuna kufika msanga pamene pakununkhira.

Kudumphira anthu

Galu amadumpha chifukwa akufuna kufika kunkhope yanu, ndipo ali kagalu aliyense ankamunyamula akatero. Tsopano wakula, akukudetsani zovala, ndipo inu mumamukankha uku mukufuula dzina lake. Kwa iye, mwamuyang'ana, mwamulankhula ndiponso mwamugwira, zitatu zonse zimene amafuna.

Chitani izi. Mukalowa pakhomo iye n'kudumpha, pindani manja pachifuwa, tembenukirani kumbali, musalankhule ndipo musamuyang'ane. Miyendo yonse inayi ikangofika pansi, nenani "Eya!", weramani ndi kumupatsa moni pansi pomwepo. Akadumphanso, imirirani ndi kutembenukanso. Tsiku loyamba mungachite zimenezi maulendo khumi musanafike pachitseko. Yembekezerani kuti pa masiku oyambirira adumpha kwambiri kuposa kale, chifukwa njira imene inkagwira ntchito yaleka mwadzidzidzi ndipo akuyesa mwamphamvu. Apa ndi pamene ambiri amagonja, ndipo akagonja amakhala aphunzitsa galu kuti kulimbikira kumalipira. Aliyense wa m'nyumba achite chimodzimodzi, pakuti munthu mmodzi yekha wolola kudumphiridwa amafafaniza ntchito ya onse. Alendo akamabwera, mumangeni chingwe asanalowe, mumuuze kuti akhale, ndipo mlendo amuyandikire pokhapokha thako lili pansi.

Kukoka chingwe

Lamulo lake ndi limodzi: chingwe chikakungika, ulendo waima. Imani nji, musakoke, dikirani mpaka atembenuke kapena abwerere pang'ono kuti chingwe chilende, nenani "Eya!" n'kupitiriza kuyenda. Akamayenda pambali panu mwa kufuna kwake, mupatseni kachidutswa pafupi ndi mwendo wanu kuti adziwe kuti pamenepo ndi pabwino. Yambirani pamalo opanda zokopa zambiri. Lamba wa pachifuwa ndi wabwino kuposa wa m'khosi kwa galu wokoka kwambiri, ndipo malamba otsamwitsa kapena a minga amavulaza khosi.

Kagalu koluma, kotafuna ndi koipitsa m'nyumba

Kagalu kamakhala ndi mano 28 oyamba, amene amaguluka kuyambira pa miyezi 3 kapena 4 kuti pamere mano 42 a ukulu, ndipo ntchitoyi imatha cha pa miyezi 6 kapena 7. Nthawi yonseyi nkhama zimayabwa ndipo kutafuna sikungaletsedwe. Chimene mungasankhe ndi chinthu chotafunidwacho. Nsapato, mawaya amagetsi ndi zovala zichoke pamene kangafikire, ndipo kakatenga chosaloledwa, kasinthanitseni ndi choseweretsa chake m'malo mokathamangitsa, chifukwa kuthamangitsana ndi masewera okoma kwambiri kwa iko. Kakaluma dzanja posewera, masewera athe pomwepo: chotsani dzanja, imirirani, chokanipo kwa theka la mphindi, kenako bwererani ndi choseweretsa. Musakapatse nsapato yakale, pakuti sikangasiyanitse yakale ndi yatsopano.

Pa nkhani ya chimbudzi, katulutseni kakangodzuka, kakangotha kudya kapena kumwa, kakatha kusewera, ndiponso maola awiri aliwonse pamene kali kakang'ono. Pitani nako pamalo amodzimodzi, imani chete, ndipo kakangomaliza nenani "Eya!" n'kukapatsa mphotho panja pomwepo, osati mutabwerera m'nyumba. Mukaona kakununkhiza pansi uku kakuzungulira, kanyamuleni msanga. Mukapeza kaipitsa kale, pukutani mwakachetechete, ndipo pewani mankhwala otsukira okhala ndi amoniya chifukwa fungo lake limafanana ndi la mkodzo ndipo limakaitanira pomwepo. Kukanikiza mphuno yake pa chimbudzi kumangokaphunzitsa kukabisala kuseri kwa mpando.

Pali nthawi imodzi imene siibwerera. John Paul Scott ndi John Fuller, atafufuza kwa zaka zambiri ku Bar Harbor m'chigawo cha Maine ku America, anafalitsa mu 1965 zotsatira zosonyeza kuti kuyambira pa masabata 3 kufika cha pa masabata 12, kagalu kamazolowera mosavuta anthu ndi zinthu zatsopano. Kakhale ndi mayi ake mpaka masabata 8, kenako kaonetseni mofatsa ana, akuluakulu, njinga, magalimoto, maambulera ndi agalu athanzi olandira katemera, chilichonse chikutsatana ndi chinthu chokoma. Agalu amene nthawi imeneyi inawadutsa ali otsekeredwa akhoza kudzakhala olusa.

Kuuwa

Kuuwa ndi chilankhulo, choncho funso loyamba ndi lakuti akunena chiyani, ndipo kope lija likuyankhani. Ngati amauwa kuti mumupatse chakudya kapena mumutsegulire, musachite chimene akufunacho mpaka atakhala chete kwa masekondi angapo. Ngati amauwa odutsa, tchingani pamene amaonera msewu kapena musamutsireni mbali ina ya nyumba pa nthawi imene anthu amadutsa kwambiri. Pa kuuwa kochenjeza, kumene ambirife timakufuna ndithu, muloleni auwe kawiri kapena katatu, pitani mukaone chimene waona, kenako ikani kachidutswa pamphuno pake. Sangathe kununkhiza ndi kuuwa nthawi imodzi. Akangotseka pakamwa nenani "Chete", kenako "Eya!" n'kumupatsa, ndipo tsiku ndi tsiku talikitsani nthawi ya chete asanalandire mphotho. Kumukuwira sikuthandiza, chifukwa iye amamva ngati nanunso mwayamba kuuwa.

Galu amene amalira, kukanda chitseko ndi kuipitsa pokhapokha akatsala yekha ali ndi mantha osiyidwa. Mphunzitseni pang'onopang'ono: tulukani kwa masekondi khumi n'kubwerera asanayambe kulira, kenako theka la mphindi, kenako mphindi ziwiri. Nthawi zina tengani makiyi kapena valani nsapato koma osachoka, kuti zizindikirozo zileke kumuopsa. Pochoka ndi pofika musachite phokoso la malonje.

Mantha, kung'ung'udza ndi kulondera chakudya

Apa ndikupemphani kuti musamale kwambiri. Galu akang'ung'udza cha m'khosi kapena kuonetsa mano, akukuchenjezani kuti wafika pamapeto a kupirira kwake. Mukamumenya chifukwa cha chenjezolo, mantha ake amakhalapobe, koma amaphunzira kuti kuchenjeza n'koopsa, ndipo ulendo wotsatira amaluma popanda kuchenjeza. Akang'ung'udza, imani, bwererani m'mbuyo, ndipo lembani chimene chinayambitsa.

Mankhwala a mantha ndi mtunda ndi kudekha. Tiyerekeze kuti galu wanu amalusa akaona munthu wokwera njinga. Pezani mtunda umene amaiona njingayo koma n'kukhalabe wodekha mpaka kutha kudya, ngakhale utakhala wa mamita 30. Njinga ikangoonekera, mupatseni tizidutswa motsatizana, ndipo ikangobisika, lekani. Mukabwereza kwa masiku angapo, mudzaona kuti akaona njinga akutembenukira kwa inu kuyembekezera chakudya. Pamenepo sunthirani pafupi ndi mamita awiri kapena atatu okha. Akakana chakudya kapena akayamba kuuwa, mwayandikira msanga, choncho bwererani pa mtunda wakale. Ntchito imeneyi imatenga masabata, nthawi zina miyezi.

Kulondera mbale kumakonzedwa mwa njira yomweyo. Musamulande chakudya pofuna kumuonetsa kuti ndinu mwini wake, chifukwa mukatero mukutsimikizira mantha ake akuti munthu woyandikira ndi wakuba. Podutsa chapatali pamene akudya, muponyereni kachidutswa kokoma kuposa zimene zili m'mbalemo n'kupitirira. Pakapita masiku, thupi lake likamamasuka mukamabwera, yandikirani pang'ono. Ana asachite nawo phunziro limeneli, ndipo aphunzitsidwe kusayandikira galu amene akudya, amene wagona, kapena amene ali ndi ana ake. Mwana wamng'ono asasiyidwe yekha ndi galu, ngakhale galuyo akhale wofatsa chotani. Galu amene analumapo munthu mpaka kutuluka magazi amafunika kuonedwa ndi dokotala wa ziweto komanso katswiri wa khalidwe la agalu, ndipo podikira thandizolo azivala chotchinga pakamwa akamatuluka, chimene wachizolowera pang'onopang'ono ndi mphotho.

Kubwera akaitanidwa

Phunziro limeneli likhoza kupulumutsa moyo wa galu pamsewu. Yambirani m'nyumba pa mtunda wa mapazi ochepa: tchulani dzina lake, nenani "Bwera" kamodzi ndi mawu okondwa, ndipo akafika mugwireni lamba mofatsa n'kumupatsa mphotho yabwino koposa zonse. Pitani panja ndi chingwe chachitali cha mamita 5 mpaka 10, ndipo nthawi zambiri mukamuitana muzimumasulanso kuti akapitirize kusewera, kuopera kuti angaganize kuti "Bwera" ndiye kutha kwa chisangalalo. Musamuitane kuti mumulange kapena kumumwetsa mankhwala. Pa zoterozo pitani nokha mukamutenge. Ngakhale atachedwa mphindi khumi inu mtima ukuwira, akafika muyamikireni, pakuti chimene adzakumbukire ndi chimene chinachitika atafika.

Pakati pa miyezi 6 ndi 18, galu amene ankamvera bwino angayambe kuchita ngati waiwala zonse, chifukwa akukula ndipo fungo lililonse likumukopa. Bwezeretsani chingwe chachitali chija, bwererani pa mtunda waufupi ndi pa malo opanda zokopa, ndipo muzimupatsanso mphotho ulendo uliwonse akabwera, mpaka ataitanidwa kakhumi n'kubwera kakhumi musanamumasulenso pabwalo lopanda mpanda.